Kavalo wa ku Aintree ndi siginala wa ku Meluluca

Pambali pa dzina la kavalo aliyense wothamanga mpikisano wodumpha mipanda ku Britain ndi ku Ireland pamalembedwa kamzere ka manambala ndi zilembo, kotere: 21F-P13. Wozolowera amakawerenga kuchokera kumanzere. Kavaloyu anafika wachiwiri, kenako anapambana, kenako anagwa pampanda. Kakhwatcha kapakatiko kakusonyeza kuti nyengo ya mipikisano inatha, ina n'kuyamba. M'nyengo yatsopanoyo wokwera wake anamuimitsa asanafike kumapeto, ulendo wotsatira anapambana, ndipo posachedwapa wafika wachitatu. Imeneyi ndiyo fomu. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo, pamene kumeneko kuli chisanu ndi matope, anthu ambirimbiri amataya kapena kutola ndalama chifukwa cha momwe awerengera kamzere kameneka.

M'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago ku Mozambique, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Metangula, Messumba ndi Ngoo mpaka ku Cobué moyang'anana ndi Likoma, mulibe bwalo la akavalo. Dziko lotentha la m'tsinde mwa mapiri, la kashembe ndi nthenda za ziweto, silinamukonde kavalo chiyambire. Amene anamuonako akuthamanga ndi aja anakagwira ntchito ku Harare kapena ku Durban, ndipo kumenekonso akavalo amathamanga pabwalo losalala, sadumpha kanthu. Komabe ntchito ya wowerenga kamzere uja imagwiridwa kuno mwezi ndi mwezi, mdima ukamayandikira. Amaigwira ndi mwini chilimira pofuna siginala, munthu wopalasa bwato la nyali amene amasaka usipa usiku n'kuunyengerera mpaka ulowe m'khoka. Eni zilimira ambiri sakwera boti. Amaika mafuta, khoka ndi injini m'manja mwa munthu wina potengera zomwe munthuyo anachita miyezi yapitayi. Wowerenga fomu wa ku Liverpool ndi mwini chilimira wa ku Meluluca ali ndi funso limodzi: pa zomwe zinachitika dzulo, ndi ziti zinali za kavalo kapena za munthuyo, ndipo ndi ziti zinali za tsikulo basi?

Mpikisano wodumpha uli mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa timipanda tatifupi, tongopitirira pang'ono mita imodzi, tomwe kavalo akhoza kutigunda n'kupitiriza ulendo. Wachiwiri ndi wa mipanda yeniyeni, ya nthambi zothinana, yambiri yosachepera mamita 1.37, ina ya ngalande kutsogolo kapena dziwe kuseri. Mtunda umayambira pa makilomita 3 kufika pafupifupi 7, ndipo pa Grand National ya ku Aintree, yomwe inayamba mu 1839, kavalo amadumpha ka 30. N'chifukwa chake fomu ya akavalo amenewa yadzaza zilembo. F ndiye kuti anagwa. U ndiye kuti kavalo sanagwe, wokwera ndi amene anathotholoka pachishalo. B anapunthwa pa mnzake amene anagwa patsogolo pake. R anakana kudumpha. Wongoyamba kumene amaunjika zilembo zonsezi pamodzi n'kuti kulephera. Wozolowera amazisanthula. B sanena choipa chilichonse cha kavalo. F wa pampanda womaliza, kavalo ali patsogolo pa onse, ndi uthenga wabwino kuposa 3 wa kavalo amene anafika anzake atapuma kalekale. P ndiye wovuta, pakuti mwina kavalo anavulala kapena akubanika pakhosi, koma mwinanso wokwera anaona kuti lero matope awakulira, n'kumusungira tsiku lina.

Nambala 1 nayenso amanama. Mu 1967 ku Aintree kunali kavalo dzina lake Foinavon, amene obetchetsa anamuika pa 100 kwa 1, ndiye kuti woika ndalama imodzi akapambana alandira 100. Anali kumbuyo ndithu. Pampanda wa 23, umodzi mwa yaifupi zedi pabwalopo, kavalo wina amene anali atataya kale wokwera wake, Popham Down, anakhota n'kudula kutsogolo kwa gulu lonse. Panali chipwirikiti: ena kugwa, ena kukana, okwera kuulukira tsidya lina akavalo atatsala kuno. John Buckingham, poti anali kutali m'mbuyo, anali ndi nthawi yoona mpata. Anadumphitsa Foinavon cha kumphepete n'kumapita yekhayekha. Lero mpandawo umatchedwa dzina la kavaloyo. M'buku munalembedwa 1, wosasiyana konse ndi 1 wa Arkle, amene anatenga Gold Cup ya ku Cheltenham zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1964.

Panyanja 1 wotereyu sasowa chaka chilichonse. Siginala wamba amayatsa nyali pamalo pomwe aliyense akanayatsa, usipa n'kubwera wokha wochuluka moti boti limabwerera likumwa madzi m'mbali. Kukacha dzina lake lamveka gombe lonse, ndipo lidzamvekabe miyezi isanu ndi umodzi ikudzayo, ngakhale masiku ena onse atabwera ndi zidebe ziwiri. Chomwe chimasokonezanso mutu n'chakuti usipa ndi nsomba ya moyo waufupi, chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono. Kuchuluka kwake kumakwera n'kutsika kwambiri chaka ndi chaka, kutengera chakudya chomwe mwera wavundula kuchokera m'madzi akuya. Chaka chabwino chimasandutsa aliyense katswiri. Mwini chilimira wochenjera safunsa kuti munthuyu anapha zidebe zingati. Amafunsa kuti usiku womwewo, pamadzi omwewo, anzake anapha zingati. Apa sakusiyana ndi wowerenga fomu amene safunsa kuti kavalo anafika wachingati, koma kuti anagonjetsa ndani, ndipo ogonjetsedwawo anadzachita zotani pambuyo pake.

Kufunsako kumachitika m'mamawa pamchenga. Maboti akokeredwa kumtunda, alovi akhala chogona pamthunzi maso ali gwa ndi tulo, amayi ogula nsomba aima m'madzi a m'mawondo ndi mabeseni awo akulimbirana mtengo. Pamathandala usipa wa dzulo ukung'anima. Mwini chilimira sapita kwa siginala amene akumufunayo. Amakakhala pafupi ndi mlovi wachikulire amene akusoka khoka.

"Amalume, achimwene aja dzulo analowera kuti?"

"Analowera kumpoto, bwana. Anzawo onse anathamangira kumwera."

"Nanga madzi amakoka bwanji?"

"Amakoka moipa. Anaponya kawiri kokha. Kachitatu anati tiyeni kumtunda, vuma akubwera."

"Anabweradi?"

"Mukafunse aja anafika dzuwa lili pamutu."

Mwini chilimira wamva zomwe amafuna, ndipo nambala ya zidebe sinatchulidwe. Usiku umenewo m'buku la akavalo ukanalembedwa P. Kwa iye ndi P wamtengo wapatali, wa munthu amene anabweza khoka, injini ndi anyamata asanu ndi anayi ali bwinobwino.

Pa nkhani ya nyengo ndi pomwe anthu awiriwa amagwirizana kwambiri. Ku Britain tsiku lililonse la mpikisano woyang'anira bwalo amabaya nthaka ndi chida choyezera n'kulengeza ngati ili youma, yapakatikati, yofewa kapena matope enieni. Kavalo wina amauluka panthaka youma koma matope akangofika m'ziboda amasanduka bulu. Wina, wopalasa mwendo mokweza bondo, amadikira mvula. Mabwalo nawonso sali ofanana. Cheltenham imakhotera kumanzere ndipo imathera pachitunda chomwe chatsitsa akavalo ambiri otchuka. Kempton ndi yathyathyathya ndipo imakhotera kumanja. Desert Orchid, kavalo wotuwa amene Angerezi ankamukonda ngati munthu, ankapendekera kumanja podumpha. Ku Kempton anatenga mpikisano wa King George kanayi, mu 1986, 1988, 1989 ndi 1990, pomwe ku Cheltenham ankavutika. Woona mzere wa manambala wokha sangazidziwe zimenezi. Ayenera kutsegula mpikisano umodziumodzi n'kuona kuti unachitikira kuti, panthaka yotani.

Nyanja ili ndi zake zoterezi, ndipo n'zambiri kuposa za bwalo la udzu. Pali mwezi: ukawala nyali ilibe mphamvu ndipo zilimira zimapuma. Pali mwera wa miyezi yozizira, wotha kuomba masiku angapo osalekeza. Pali mpoto wa nthawi ya dzinja, ndi vuma amene kugombe la Lago amatsika m'mapiri n'kukankhira bwato kutali ndi mtunda, madzi a m'mbali akuoneka bata ngati palibe chikuchitika. Palinso malo. Wopha utaka masana amadalira zirundu, miyala ya pansi pa nyanja pomwe nsomba zimasonkhana, ndipo amazipeza polunjikitsa nsonga ya phiri ili ndi mtengo uwo kapena denga la tchalitchi. Munthu amene anakulira ku Ngoo mapiri ake ali m'mutu. Mukamutenga kupita naye ku Meluluca, mwezi woyamba adzakhala mlendo ngati wina aliyense. Eni zilimira amene amalanda siginala wotchuka wa gombe lina pomulonjeza ndalama zambiri amagwa m'dzenje lomwe amagwamo wobetcha kavalo wa ku Kempton pa chitunda cha Cheltenham.

Koma lamuloli lisatipusitse. Desert Orchid yemweyo anapambana Gold Cup mu 1989, pabwalo lokhotera kumanzere, m'matope a chipale ndi mvula, zonse zomwe ankadana nazo zitakumana tsiku limodzi. Chaka chotsatira, aliyense akumuyembekeza, anafika wachitatu, ndipo wopambana anali Norton's Coin wa pa 100 kwa 1, wa mlimi wa ku Wales, Sirrell Griffiths, amene m'mawa wa tsikulo anayamba wakama ng'ombe zake asanayendetse yekha galimoto ya kavaloyo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pomwe njira ziwirizi zimapatukana kwenikweni ndi pa katundu. Mipikisano yambiri yodumpha imakonzedwa moti kavalo wamphamvu asenze zolemera. Pali akatswiri olembedwa ntchito ndi bungwe loyendetsa mipikisano amene amapatsa kavalo aliyense nambala, ndipo akapambana nambalayo imakwera. Ikakwera, m'nsalu ya pansi pa chishalo amawonjezeramo timapale ta mtovu. Cholinga chake n'chakuti onse afike pamzere nthawi imodzi, ngakhale sizinachitikepo. Mu 1973 ku Aintree kavalo wa ku Australia, Crisp, anasenza makilogalamu 76. Anatsogola patali zedi, akudumpha ngati mipandayo ndi mizere ya m'munda, mpaka miyendo inamuthera atatsala pang'ono kufika. Red Rum, amene anasenza makilogalamu 66, anamupitirira pamapeto penipeni. M'buku Red Rum ali ndi 1, Crisp ali ndi 2, koma aliyense wodziwa kuwerenga amaona kuti tsikulo wamkulu anali Crisp, ndipo anagonja kwa makilogalamu 10 a mtovuwo. Red Rum anadzadziyeretsa chaka chotsatira popambana atasenza yekha makilogalamu 76 aja, ndipo anapambananso kachitatu mu 1977.

Panyanja zimayenda chobwerera. Wopambana samuwonjezera katundu, amamuchotsera. Siginala amene dzina lake lamveka amatengedwa ndi bwana wa injini yatsopano, wa khoka losang'ambika, wa nyali zowala ndi mafuta okwana kufika kutali. Alovi amphamvu amamutsata chifukwa gawo lawo limadalira zomwe zaphedwa. Mwezi wotsatira aphanso zambiri, ndipo gombe lonse linena kuti taonani, si uja tinkanena. Uyo amene anayamba ndi tsoka amatsala ndi boti lothonya ndi injini yozima pakati pa nyanja. Katundu wake ndi wolemera kuposa wa Crisp koma palibe amene anamuyeza pasikelo. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pali phindu lenileni la mwini chilimira amene ali ndi maso. Munthu wobwera ndi theka la zomwe abweretsa otchuka, pomwe akupalasa ndi nkhafi ndipo nyali yake ndi imodzi, mwina ndiye katswiri wa gombe lonse, ndipo mtengo wake ukadali pansi. Ku Britain akatswiri a fomu amatha usiku wonse kusaka kavalo amene nambala yake ili pansi pa mphamvu zake zenizeni. Ku Lago anthu otere akungoyenda pamchenga.

Pa kusunga mbiri, a akavalo atisiya kutali. Kampani ya Timeform, yomwe Phil Bull anayambitsa mu 1948, imapatsa kavalo aliyense nambala yake ndi ndemanga. Arkle anamupatsa 212, ndipo palibe wodumpha mipanda wina amene anafikapo. Nyuzipepala ya Racing Post, yoyamba mu 1986, imasindikiza tsiku ndi tsiku mtunda, nthaka, katundu, wokwera, masiku amene kavalo wapuma, ngakhale zovala za kumaso zomwe amuveka kuti asacheuke. Kuyambira 2018 wosamala kavalo ayenera kuulula ngati kavaloyo wachitidwa opaleshoni ya pakhosi yomuthandiza kupuma. Mpikisano uliwonse uli pa kanema, ndipo munthu akhoza kuubwereza kakhumi.

Chilimira si chachilendo panyanjayi. Olemba mbiri amati chinafika ku Likoma m'zaka za m'ma 1870 ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere. Komabe zaka zonsezi palibe buku lonena kuti siginala wakutiwakuti anapha zakuti usiku wakuti. A boma akamalemba amalemba za gombe ndi mtundu wa khoka, osati za munthu. Mbiri imakhala m'mitu, ndipo mutu umasankha zokumbukira. Umasunga usiku wa boti lodzaza n'kutaya masiku khumi a chabe. Pomwe kukumbukira kwalephera kufotokoza pamalowa nkhani ya mankhwala: uyu anakhwima, uyo anamutsekera mnzake. Sindikutsutsana ndi munthu pa zomwe amakhulupirira, koma nkhani ya mankhwala ili ndi vuto limodzi, imatseka mafunso. Mukangoti munthu ali ndi zitsamba simufunsanso kuti amanyamuka nthawi yanji, amazimitsa nyali motani, amamva bwanji kukoka kwa madzi pankhafi. Amene ali ndi mbiri yolondola pang'ono ndi amayi ogula nsomba. Iwo amalipira ndalama zawo m'mawa uliwonse, ena amapereka ngongole ya mafuta, ndipo amadziwa boti lomwe silikhumudwitsa ngakhale silitchuka. Mwini chilimira amene angagule kope la ana asukulu n'kumalemba tsiku, mphepo, mwezi, malo, mafuta ndi zidebe, zake ndi za anzake awiri atatu, pakutha pa chaka adzadziwa zomwe gombe lonse silidziwa.

Koma kulemba zonse kuli ndi mtengo wake, ndipo apa mwayi ukubwerera kunyanja. Chomwe chalembedwa mu Racing Post aliyense wachiwerenga, kuphatikizapo obetchetsa, amene ali ndi makompyuta ndi antchito ongochita zomwezo. Zonse zodziwika za kavalo zalowa kale mumtengo wake. Kavalo amene anthu ambiri amukhulupirira amapambana pafupifupi kamodzi pa katatu, ndipo ndalama yomwe amabweza sikwanira kutseka maulendo awiri otayawo. Kuwonjezera apo, mitengo ya akavalo onse a mumpikisano umodzi mukaiphatikiza mwayi wake umapitirira 100 pa 100, ndipo chopitiriracho ndi chakudya cha obetchetsa, kaya apambane ndani. Wowerenga fomu sikuti akungofuna kavalo wopambana. Akufuna kavalo amene khamu lonse lamuchepetsa, zomwe n'zovuta kwambiri, ndipo ambiri oyesa amatha chaka ali ndi zochepa kuposa zomwe anayamba nazo. Izi n'zofunika kuzinena kuno, poti kubetcha kwafika kale m'mafoni a anyamata a ku Metangula kudzera mu mpira, ndipo ndalama ya usipa imachoka pa M-Pesa mosavuta kuposa momwe inalowera. Mwini chilimira alibe wobetchetsa pakati pa iye ndi nyanja. Akadziwa chinthu chomwe mnzake sadziwa, phindu lonse ndi lake ndi alovi ake.

Nkhani yosankha akavalo oti uziwatsata nyengo yonse ndi ina pang'ono. Chaka chilichonse cha m'ma Okutobala kumatuluka timabuku ta mayina, ndipo okonda masewerawa amalemba awoawo, khumi kapena makumi awiri. Odziwa salembamo akavalo otchuka kale. Amasaka ana, aja angoyamba kudumpha timipanda tatifupi koma thupi lawo likuonetsa kuti adzakhala a mipanda yaitali, kapena aja achokera m'mipikisano ya kumidzi ya ku Ireland. Amayang'ana khola lomwe akuchokera, pakuti khola ngati la Willie Mullins, amene mu 2024 anakwanitsa kupambana ka 100 pa chikondwerero cha Cheltenham, silisunga kavalo pachabe. Ndipo amapita kukaona ndi maso pabwalo laling'ono pomwe akavalo amazungulira asanathamange. Amaona ngati ubweya ukunyezimira kapena wayima, ngati phazi lakumbuyo likuponda kupitirira pomwe lachoka lakutsogolo, ngati thovu la thukuta latuluka pakati pa ntchafu kusonyeza kuti kavalo watha mphamvu ndi mantha asanayambe n'komwe.

Red Rum mwiniyo anali wa maso, osati wa buku. Ginger McCain, wogulitsa magalimoto akale ku Southport, anamugula mu 1972 ali ndi nthenda ya fupa la m'chiboda, ndipo atafika naye kwawo anapeza akutsimphina. McCain analibe bwalo la udzu. Ankathamangitsa akavalo ake pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo Red Rum atalowa m'madzi amchere ozizirawo anatuluka akuyenda bwino. Palibe kamzere ka manambala kakanalosera zimenezo.

Kunyanja mwana woti umutsate ndi uja amakapa madzi m'boti. Salankhula, gawo lake ndi lochepa kuposa la onse. Koma mlovi wachikulire amaona kuti mnyamatayu sagona pamene anzake akusinza podikira, maso ake ali pa bwato la nyali, ndipo tsiku lina anati madzi atembenuka wina aliyense asanazindikire. Bwana wanzeru amayamba kumupatsa bwato masiku a mwezi wowala pang'ono, pomwe palibe zambiri zotaya. Msampha wake ndi umodzimodzi kuwiri konse: chikondi. Munthu akalemba dzina la kavalo m'kabuku kake amamupezera chifukwa ulendo uliwonse akagonja, lero nthaka, mawa wokwera, mkuja mtunda, mpaka thumba litapepuka. Kuno chikondicho chimakula chifukwa siginala nthawi zambiri ndi mphwako kapena mlamu wako, ndipo kumuchotsa ndi mlandu wa pabanja.

Palinso kusiyana komwe sikufuna mawu ambiri. Kavalo sakambirana za malipiro. Satenga ngongole kwa bwana uyu n'kukwera boti la bwana uyo, sawolokera ku Likoma kapena ku Nkhata Bay atamva kuti kumeneko usipa wagwa. Siginala ndi munthu, ndipo fomu yake imatengeranso momwe mukumusungira. Wobetcha akapereka ndalama yake watha, chotsala n'kukuwa pa kanema. Mwini chilimira akhoza kusintha zotsatira: kusoketsa khoka, kugula batire lina, kugawa mwachilungamo mafuta akachotsedwa. Ndipo F wa panyanja si wa pabwalo. Ku Aintree akavalo amafa ndithu, ndipo anthu akhala akuchita zionetsero chifukwa cha zimenezo, koma wobetcha amabwerera kwawo wouma. Kuno boti likagwa pampanda wake, maliro amalowa m'nyumba zingapo za mudzi umodzi.

Imfa za akavalo zomwezo n'zimene zinasintha Aintree, ndipo kusinthako kunapha malamulo akale a owerenga fomu. Kwa zaka zambiri ankati usaike ndalama pa kavalo wosenza kupitirira makilogalamu 70, ndipo pakati pa kupambana kwa Corbiere mu 1983 ndi kwa Hedgehunter mu 2005 lamulolo silinaphonye. Ankatinso funa kavalo wachikulire wodumpha mosamala, osati waliwiro. Mu 2013 mitengo yolimba ya m'kati mwa mipanda inachotsedwa n'kuikamo pulasitiki yofewa, ndipo mu 2024 chiwerengero cha akavalo chinatsitsidwa kuchoka pa 40 kufika pa 34. Tsopano kavalo akhoza kukhula mpanda n'kupitirira. Many Clouds anapambana mu 2015 atasenza makilogalamu 74, ndipo akavalo apamwamba a makola akuluakulu a ku Ireland ndi amene akhala akulamulira. Munthu wogwiritsabe malamulo a bambo ake akuwerenga bwino buku la mpikisano womwe kulibenso.

Nyanja nayo yasintha m'manja mwa anthu omwewa. Ntchila, yomwe agogo ankaidziwa bwino, inasowa m'makoka. Nyali za palafini zopopa, zomwe siginala waluso ankadziwa kuzichepetsa pang'onopang'ono kuti usipa uunjikane, zikulowedwa m'malo ndi mababu a batire, ndipo bwato lililonse likuwala kuposa kale. Maboti achuluka. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza mbali yake ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa, ndipo makomiti a asodzi a m'midzi, aja amati CCP, anapatsidwa mphamvu yoletsa makoka a maso ang'onoang'ono ndi kutseka malo ena oswerana nsomba. Zonsezi zikusintha tanthauzo la siginala wabwino. Kale anali wodziwa madzi a pafupi ndi kwawo mpaka mwala uliwonse. Lero mwina ndi wodziwa kuwerengera mafuta a ulendo wautali, kusamala mabatire, ndi kudziwa malire a malo otsekedwa kuti khoka lisalandidwe. Wowerenga fomu ku Liverpool akhoza kudula mzere m'buku lake pa 2013 n'kusiya kukhulupirira zonse za m'mbuyo mwake. Mwini chilimira wa ku Ngoo palibe amene anamuuza chaka. Amangoona kuti mafuta omwe kale ankakwana kupita ndi kubwera tsopano akuthera panjira, ndipo mdima wa mwezi uno usanafike ayenera kusankha pakati pa mkulu amene anamuphera nsomba zaka khumi ndi mnyamata amene amadziwa kulumikiza mabatire.